Felemu ya kaboni yotchipa: mangani njinga yoti idzathenso kuyenda ku Lilongwe

Abale anga amene muli kunja, kaya ku Joni, ku Cape Town, ku Dublin kaya ku Manchester, ambiri mwayamba kupalasa njinga zija zamatayala owonda, ena dokotala anakuuzani za BP ndi shuga, ena mwangosirira anzanu akuntchito omwe amadzuka m'mamawa Lamlungu atavala zothina. Ndiye mukalowa mu shopu n'kuona mtengo wa Trek kapena Specialized ya kaboni (carbon fibre, ulusi wolimba koma wopepuka womatidwa pamodzi) mutu umaima, maganizo amathamangira ku AliExpress komwe felemu ya kaboni imapezeka pakati pa madola 400 ndi 700. Nzotheka ndithu, ndipo njinga yake imatuluka yabwino. Koma ine ndikulemba ndili kuno ku Lilongwe komwe njinga zimenezi zimathera mukabwera pa holide kapena mukaganiza zobwerera kumudzi, ndiye nkhani yanga ndi imodzi: chilichonse chomwe mukudina kuti mugule, dzifunseni kuti chikadzawonongeka muli pa msewu wa ku Mchinji mudzachitenga kuti.

Poyamba felemuyo. Mafakitale ambiri ali ku Xiamen, Shenzhen ndi Dongguan, ndipo pali mitundu iwiri ya katundu yomwe musamaisakanize. Pali mafelemu omwe amati open mould, kutanthauza kuti chikombole chake fakitale imagulitsira aliyense, mumagula opanda dzina kapena ndi dzina la kakampani kakang'ono, monga a Carbonda, VeloBuild, Elves, Yoeleo, Winspace, ena otchipa ena okwererako. Ndiye palinso zofojala, felemu yolembedwa Pinarello kapena S-Works koma mtengo wake wa foni. Zofojalazo zisiyeni. Munthu amene akunama pa dzina simungamukhulupirire pa foloko, ndipo foloko ikathyoka muli pa liwiro nkhope ndi yomwe imafika pansi poyamba. Komanso a kasitomu akaiona amatha kuilanda ndalama zanu n'kupita choncho. Za T700, T800, T1000 zomwe amalemba zija ndi magiredi a ulusi wa kampani ya Toray ya ku Japan, musatengeke nazo kwambiri, kayalidwe ka ulusiwo ndi komwe kali ndi ntchito osati nambala ya pa sitika.

Sayizi musayendere zoti "ine ndine medium". Medium ya fakitale iyi ndi large ya fakitale ina. Pa tchati cha geometry yang'anani manambala awiri, stack (kutalika kwa kutsogolo kwa felemu chokwera) ndi reach (utali wake chopita kutsogolo), muyerekeze ndi njinga yomwe munakwerapo n'kumva bwino. Ngati simunakwerepo, lowani mu shopu muyese ziwiri zitatu, mulembe dzina ndi sayizi ya yomwe yakukhalani, manambala ake ali pa intaneti. Ambiri aife tayamba masewerawa titakula kale ndipo kamimba kalipo, felemu ya aero, ya mpikisano yotsika kutsogolo ija, imaoneka bwino pa chithunzi koma msana udzakuuzani zina, tengani yomwe amati endurance kapena all-road.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo. Matayala: felemu ikhale yolola mamilimita 32 kapena kuposa. Inde Kenyatta Drive pano ndi wotakasuka, bypass nayonso ndi yabwino kupalasa m'mawa, koma mukangopatuka kulowa ku Area 25, ku Kawale kapena ku Likuni mukumana ndi maenje, mahampu osapenta, mchenga m'mphepete, nthawi zina minibasi ikukukankhirani kunja kwa tala. Tayala la 25 lopopa gwa pamenepo ndi kuphulitsa chubu basi ndi kuphwanya limu. Bottom bracket, pomwe pamalowa shafuti ya mapedulo paja, sankhani yaulusi yomanga ngati bawuti, BSA kapena T47. Za press-fit monga BB86 zimafuna chida chokanikizira, ndipo bowo likakhala kuti silinabooledwe bwinobwino imalira kwe kwe kwe mpaka mudane nayo njingayo. BSA mumamasula nokha pakhonde ndi sipanala yake imodzi, ya Shimano ndi yotchipa mutha kusunga ziwiri. Kumbukirani kuti ya mbali ya tcheni ulusi wake ndi wopita kumanzere, pedulo ya kumanzere nayonso chimodzimodzi, anthu ambiri amaononga ulusi pokakamira kumanga mbali yolakwika.

Mafelemu ambiri amasiku ano amabisa makebulo onse, amadutsa mu handulo kulowa mu headset, pomwe foloko imazungulira mu felemu, osaoneka ndi imodzi yomwe. Zokongola zedi, sindikana. Koma fumbi la Seputembala ndi Okutobala kuno mukulidziwa, kenako mvula ya Januwale, mabering'i a headset amadya mchenga, ndipo kuti musinthe bering'i imodzi pa njinga yotereyi ndiye kuti muchotse mapaipi onse a mabuleki, mudzathirenso mafuta, ntchito ya tsiku lonse. Ngati ilipo yomwe makebulo amalowa pambali pa felemu ndipo imalola stem (kogwira handulo kaja) ndi handulo wamba ya mamilimita 31.8, tengani imeneyo. Handulo yophatikizana ndi stem ija mukalakwitsa utali ndiye mugulanso yonse.

Magiya. Ine ndimati Shimano 105 ya kebulo, R7000 ija ya 11 speed, kapena Tiagra 4700 ya 10 speed ngati thumba lavuta. Zilipo zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito pa eBay, pa Facebook Marketplace ndi pa Gumtree popeza anthu akusamukira ku zamagetsi. Di2, magiya amagetsi a Shimano, ndi yokoma kugwira koma ikazima kuno palibe angaitsegule, pomwe kebulo ikaduka ngakhale ya mountain bike nthawi zambiri imalowa pa giya. Za ku China monga Sensah ndi L-Twoo zimagwira ntchito ndipo mtengo wake ndi wabwino, vuto ndi loti kachidutswa kakathyoka mudikira phukusi. Kutsogolo ikani magiya a mano 50/34, kumbuyo kaseti (mulu wa magiya wa pa wilo) ya 11-32 kapena 11-34 ndi derailleur, chosuntha tcheni chija, ya khola lalitali. Ena amati amenewo ndi magiya a nkhalamba, asiyeni, kupita ku Salima mumatsetsereka mukuimba koma pobwera chitunda chake chimafuna giya yopepuka, ndipo ku Dedza nako ndi kukwera kuchokera pa mamita pafupifupi 1,050 a Lilongwe kukafika cha m'ma 1,600.

Mabuleki pafupifupi mafelemu onse pano ndi a disiki, omangika mwa flat mount, ndipo ma thru axle, mashafuti omanga wilo ku felemu, ndi a 12x100 kutsogolo ndi 12x142 kumbuyo, ndiye mawilo mugule ogwirizana ndi zimenezo, muonenso ngati habu ndi ya centerlock (disiki imamangidwa ndi lingi imodzi) kapena ya mabawuti 6 musanagule madisiki. A hydraulic, oyendera mafuta aja, amagwira bwino kwambiri. Shimano imafuna mineral oil, ma SRAM a road amafuna DOT, ndipo mukathira DOT ya galimoto mu Shimano marabala amafufuma zonse n'kutayika, izi muwauze ndi amakaniko omwe. Amene sakufuna za mafuta atha kuika TRP Spyre ya kebulo, siigwira ngati ya mafuta koma imakonzeka paliponse. Mawilo, ndalama ikachepa yambani ndi a aluminiyamu a masipoko wamba opindika kumutu aja, amisiri athu kuwongola limu ndiye amatha heavy.

Polipira gwiritsani ntchito njira yoti mutha kudandaula, pa AliExpress pomwepo kapena PayPal ya goods and services. Wogulitsa akati titumizirane pambali kuti akuchotsereni, kanani. Mufunseni akutumizireni zithunzi za felemu yanuyo isanapakidwe, ndipo pa oda yomweyo onjezani ma hanger awiri kapena atatu, kachitsulo kogwira derailleur kaja, kamapindika njinga ikangogwa ndipo felemu iliyonse ili ndi kake, pokhapokha ikhale ya UDH ya SRAM yomwe imapezeka m'mashopu ambiri kunjako. Onjezaninso mabering'i a headset ndi kaweji komanga seatpost, chubu chonyamula chishalo chija. Mukafuna penti yanuyanu dziwani kuti mudikira masabata angapo owonjezera, ndipo nthawi ya chaka chatsopano cha ku China, cha mu Januwale kapena Febuluwale, mafakitale amatseka. Pa 11 Novembala pamakhala sale.

Msonkho musauiwale powerengera. Ku UK VAT ndi 20%, ku Ireland 23%, ku South Africa 15%, kuphatikiza duty, ndipo EU ili ndi msonkho wapadera wa 48.5% pa njinga zochokera ku China womwe umakhudzanso zida zina ngati mafelemu. Ndiye funsani ngati akutumiza DDP, apo ndiye kuti msonkho walowa kale mu mtengo ndipo bokosi limangofika pakhomo. Mukaphatikiza felemu, magiya, mawilo, matayala, chishalo, mapedulo, tepi ya handulo ndi zida, mupeza kuti felemu ija inali gawo laling'ono chabe. Werengerani zonse kaye, nthawi zina njinga yathunthu yogwiritsidwapo kale imatuluka yotchipa, bola muiyang'ane bwino.

Bokosi likafika jambulani vidiyo potsegula, musaidule vidiyoyo. Itulutseni panja pa dzuwa, yang'anani mng'alu makamaka pa foloko, mozungulira bottom bracket ndi pomwe pamalowa seatpost. Walitsani tochi ya foni mkati mwa head tube, chubu chakutsogolo molowa foloko, muone ngati muli makwinya akuluakulu kapena ulusi wosamatika. Tengani kandalama kachitsulo muzigogoda pang'onopang'ono, pabwino pamalira kuti ngwe ngwe, pomwe pafufuma mkati pamamveka phu. Ikani mawilo onse awiri musanamange china chilichonse muone ngati akhala pakati. Chilichonse chokayikitsa, tumizani zithunzi tsiku lomwelo musanadule kanthu, mukadula foloko ndiye kuti mwaivomera.

Chida chomwe simungachizembe ndi torque wrench yaying'ono, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti, ya 2 mpaka cha m'ma 20 Nm. Ife tinazolowera kumanga bawuti mpaka italira, pa kaboni zimenezo ayi. Mabawuti a stem nthawi zambiri ndi 5 Nm, nambala imalembedwa pomwepo, ndipo 5 Nm ndi mphamvu yochepa kuposa momwe dzanja limaganizira. Pa seatpost pakani carbon paste osati girisi, ili ndi timchenga tomwe timagwira kuti isatsike popanda kumanga kwambiri. Mu chubu cha foloko simulowa star nut yokhoma ndi hamala ija, mumalowa expander plug, yaitali ndi yabwino kuti ifike pomwe stem ikufinya. Podula foloko, yambani mwaika ma spacer, timalingi tokweza stem, n'kupalasa masiku angapo kuti mudziwe utali womwe mukufuna, koma pansi pa stem asapitirire mamilimita 30 kapena 40 malinga ndi zomwe fakitale yanena. Kenako lembani mzere, kulungani masking tape pomwepo kuti ulusi usanyenyeke, dulani ndi sowo ya mano ang'onoang'ono a 32 pa inchi pang'onopang'ono osakanikiza, nsalu yonyowa ili pansi ndipo mwavala masiki chifukwa fumbi lake si labwino m'mapapo. Siyani spacer imodzi ya mamilimita 5 pamwamba pa stem. Ngati manja akunjenjemera pa ntchito imeneyi kapena yothira mafuta a mabuleki, pitani nayo ku shopu, kapena ku ma community workshop omwe ali m'mizinda yambiri ya ku UK ndi Ireland komwe mumalipira pang'ono n'kugwiritsa ntchito zida zawo. Buleki yakutsogolo ku UK imakhala kudzanja lamanja, ku mayiko ambiri a ku Ulaya kumanzere, ikani momwe munazolowera.

Tubeless, tayala lopanda chubu, ndi yabwino kunjako, koma madzi ake otseka zibowo amauma msanga kukatentha ndipo kuno kuwapeza ndi mwayi. Bwerani ndi machubu a 700c a valavu ya Presta okwanira, zigamba, pampu yanu yokhala ndi geji, kaadaputa kosinthira valavu kuti mutha kupopa pa filling station, tcheni yapadera ndi ma quick link ake olumikizira, mapadi a mabuleki, makebulo. Zonsezi zimakwana mu kachikwama kamodzi.

Kubwera nayo, pa ndege funsani kampaniyo musanagule tikiti chifukwa malamulo a njinga amasiyana, kaya ndi Ethiopian, Kenya Airways kaya Airlink. Bokosi la katoni mashopu a njinga amapereka ulere kapena motchipa. Chotsani derailleur muikulunge payokha, chotsani madisiki kuti asapindike, bwezerani ma thru axle pamalo pake ndi kapaipi pakati kuti foloko isafinyike, ndipo pakati pa mapadi ikani kapulasitiki kake. Amene muli ku Joni mukaipereka kwa matransipota odutsa pa Beitbridge ndi Tete, dziwani kuti pamwamba pa bokosilo patha kukwera firiji kapena matumba, ndiye likhale la matabwa kapena mukwere nayo limodzi muziona pomwe aika. Malisiti onse sungani mu foni, a MRA pa KIA, pa Dedza kapena pa Mwanza akafunsa mtengo mukhale ndi choonetsa.

Ikafika, m'bale yemwe mukumusiyira mumuuze momveka: siyonyamulira thumba la chimanga, siyoika keliyala, ndipo kaboni sawotcherera, ili ngati mphika wadothi ukang'aluka kwa owotcherera kulibe thandizo. Amakaniko a njinga za kabaza ndi aluso pa masipoko ndi zigamba, amenewo apatseni wilo lokha. Felemu isapite kopanda mwini wake, ndipo torque wrench ija isiyeni m'nyumba momwemo pamodzi ndi kapepala kolemba manambala a bawuti iliyonse.