Sitima ikakocheza maola ochepa: mmene mungaonere malo osaboola thumba

Sitima zikuluzikulu zoyenda ndi anthu okaona malo pa nyanja ya Mediterranean kawirikawiri zimafika padoko cha m'ma 8 koloko m'mawa n'kunyamuka cha m'ma 5 madzulo. Papepala amaoneka ngati maola naini, koma maola amene mungayende nawo mumzinda ndi ochepa kuposa pamenepo, ndipo musanasankhe kopita muyambe mwawawerenga.

Werengani chobwerera m'mbuyo. Pa kapepala ka pulogalamu ya tsiku, kamene amakusiyirani kuchipinda usiku kapena kamene kali pa app ya sitimayo, pamalembedwa nthawi ya all aboard, imene aliyense ayenera kukhala atakwera. Nthawi zambiri imakhala mphindi 30 sitima isananyamuke. Ngati ikunyamuka 5 koloko, chitseko chimatsekedwa hafu 4. Chotsanipo ola limodzi loti likuthandizeni mukasochera kapena basi ikachedwa, ndiye kuti hafu 3 muyenera kukhala mutafika padoko. Kum'mawa nakonso simutsika sitima ikangoima: akuluakulu a doko amayamba avomereza, kenako pamakhala mzere, moti mumapezeka panja cha m'ma 9. Mwatsala ndi maola sikisi ndi theka, ndipo ulendo wopita mutauni ndi wobwerera ukudya m'momwemo.

Kenako fufuzani pamene sitima yanu ikakocheze, chifukwa ndi zimene zimauza ngati tsikulo likudyereni mayuro asanu kapena mayuro handiredi. Madoko amasiyana kwambiri. Ku Valletta, likulu la Malta, mumatsikira pansi penipeni pa malinga a mzindawo. Ku Barcelona sitima zazikulu zimaima ku Moll Adossat, makilomita angapo kuchokera pa chipilala cha Columbus, ndipo pali basi yolipira yotengera anthu kumeneko. Ku Civitavecchia, kumene m'mabuku otsatsa amangolemba kuti Rome, mzinda wa Rome uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80.

Valletta ndi chitsanzo chabwino cha doko limene simufunika kugula ulendo wa kampani ya sitima. Mukatuluka pachipata cha Valletta Waterfront, khoterani kumanja, muyende m'mbali mwa madzi mphindi zisanu kapena khumi mpaka pa chikepe cha Barrakka. Chikepechi n'chotalika mamita 58, chinatsegulidwa mu 2012, ndipo chimakukwezani pamwamba pa malinga pasanathe theka la miniti. Mtengo wake ndi yuro imodzi, kukwera ndi kutsika komwe. Khalani ndi ndalama zachitsulo. Mukatulukamo mwafika m'munda wa Upper Barrakka, wolowa ulere, pamene mumaona doko lonse la Grand Harbour, mizinda itatu ya tsidya lija, ndi sitima yanu ili pansipo. Kumunsi kwa khonde la mundawo kuli mizinga yakale yondandalikidwa moyang'ana kunyanja. Mmodzi amauomba 12 koloko masana ndi 4 koloko madzulo, kupatula Lamlungu. Kuonera muli pakhonde simulipira, koma fikani kota isanakwane 12, chifukwa anthu amadzaza m'mphepete mwa chitsulo ndipo wamfupi akaima kumbuyo amangomva kulira kwake n'kuona utsi. Wa 4 kolokowo musauwerengere ngati sitima ikutseka hafu 4.

Kuchokera pamenepo, msewu wa Republic Street uli pafupi, ndipo mzinda wonse, umene anaukhazikitsa mu 1566, mutha kuudutsa wapansi pa theka la ola. Ngati mukufuna kulipira malo amodzi okha, lipirani tchalitchi cha St John's Co-Cathedral, mmene muli chithunzi chachikulu chimene Caravaggio anajambula mu 1608 chosonyeza kudulidwa mutu kwa Yohane M'batizi. Tikiti yake ndi pafupifupi mayuro 15. Amafuna kuti mapewa ndi mawondo akhale ophimbidwa, nsapato za gogoda zosongoka saloleza chifukwa pansi ndi pa miyala ya mabo, ndipo Lamlungu salandira okaona malo. Chitenje chimodzi m'kachikwama chimathetsa nkhani ya mapewayo. Njala ikakupwetekani gulani pastizzi, timikate totentha tokhala ndi tchizi kapena nsawawa m'kati, totchipa kwambiri pa mawindo a m'misewu ing'onoing'ono. Malesitilanti okhala ndi mipando panja mumsewu waukulu amadula. Ngati nthawi ikadalipo, tsikaninso pa chikepe n'kukwera boti lowolotsa anthu kupita ku Cospicua ndi Birgu, iwiri mwa mizinda itatu ya tsidya lija. Ulendowo ndi wa mphindi zosakwana khumi. Ku Malta Chingelezi amalankhula, ndipo galimoto zimayenda kumanzere monga ku Malawi, choncho kuwoloka msewu sikusokoneza.

Ku Barcelona musayese kuzungulira mzinda wonse. Kwerani basi ya padoko mpaka pa chipilala cha Columbus, muyende mumsewu wa La Rambla, mulowe mumsika wa La Boqueria, mubwerere kudzera m'timisewu takale ta Barri Gòtic. Kupatula basiyo, zonsezi n'zaulere ndipo maola atatu amakwana. Msikawo Lamlungu amatseka. Tchalitchi cha Sagrada Família chimafuna tikiti yogula pa intaneti kukadali masiku, ndipo pa tikitiyo pamakhala ola lolowera. Sankhani ola lapakati pa 11 ndi 1, lokuti kuchedwa kutsika sikungakuphonyetseni. Mu La Rambla ndi m'sitima zapansi pa nthaka opisa m'matumba ndi ambiri. Foni ndi ndalama zikhale kutsogolo, m'thumba la zipi.

Civitavecchia ndiye pofunika kudziletsa. Basi ya padoko imakutulutsani kunja kwa mpanda, kenako mupite kusiteshoni, ndipo sitima yapamtunda yotchipa imatenga ola limodzi kapena kupitirirapo kuti ifike ku Rome. Kupita ndi kubwera, kuphatikiza kudikira, maola atatu kapena anayi atha. Zimatheka, koma sankhani malo amodzi. Mukatsikira pa siteshoni ya Roma San Pietro, bwalo la tchalitchi cha St Peter ku Vatican lili pafupi ndipo kulowamo ndi ulere, ngakhale mzere wosechedwa polowa m'tchalitchi umatha kudya ola lathunthu. Tikiti yapepala muidinde pa makina a pasiteshoni musanakwere, apo ayi kondakitala akulipiritsani chindapusa ngakhale munagula bwinobwino. Pobwerera musadalire sitima yomaliza imene ingakufikitseni pa nthawi. Kwerani yonyamuka msanga, kuti patsalebe sitima zina ziwiri zokufikitsani pa nthawi. Ku Italy ogwira ntchito za sitima amanyanyala kawirikawiri, ndipo masiku ake amalengezeratu. Mukaona mawu akuti sciopero pa tsiku lanu, khalani ku Civitavecchia komweko, muyende m'mbali mwa nyanja, muone linga la Forte Michelangelo ndi msika wa m'mawa.

Apa ndi pamene ulendo wa kampani ya sitima, ngakhale ndi wodula, uli ndi phindu lake. Basi yawo ikachedwa, sitima imadikira kapena kampaniyo imakusamalani. Mukapita panokha n'kuchedwa, sitima imanyamuka, ndipo ulendo wokaipeza pa doko lotsatira mumalipira nokha. Choncho malo akakhala kutali kopitirira ola limodzi, kulipira kampani sikuwononga. Akakhala pafupi, mukungolipira munthu woti akuyendetseni mumsewu womwe mukanayenda nokha.

Madoko ena sitima siyandikira n'komwe kumtunda. Imaima pakati, maboti ang'onoang'ono n'kumatuta anthu, ndipo amene anagula maulendo a kampani amatsika poyamba. Ku Santorini, chilumba cha ku Greece, mukatsika boti mumafika pansi pa phompho, ndipo njira zokwerera ku Fira ndi chikepe cha pachingwe, abulu, kapena masitepe pafupifupi 600. Sitima zikakhala zingapo tsiku limodzi, mzere wa chikepe potsika masana umatalika koopsa. Pa doko lotere onjezerani ola lina pa nthawi yobwerera, ndipo nthawi yoti muigwire pamtima ndi ya boti lomaliza.

Nkhani ya wotchi imagwetsa anthu ambiri. Greece ili patsogolo pa Italy ndi Malta ndi ola limodzi, ndipo foni imasintha yokha ikangogwira netiweki ya dziko lina. Sitima imatsatira nthawi imene yalengeza. Musanatsike, yerekezani wotchi yanu ndi imene ili pachitseko chotulukira, ndipo jambulani chikwangwani cha all aboard. Jambulaninso nambala ya foni ya woimira sitimayo padoko, imene imakhala pa pulogalamu ya tsiku. Mukaona kuti mwachedwa, muimbireni iyeyo mukadali panjira.

M'kachikwama mukhale khadi la sitima, chifukwa popanda ilo simutuluka ndiponso simulowa, chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu, madzi m'botolo, ndi mayuro 20 kapena 30 amapepala ang'onoang'ono. Mapu a mzindawo muwasunge mu foni kuti azitseguka popanda intaneti. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya monga Malta, Spain, Italy ndi Greece, ngakhale akukhala ku Britain, ndipo ngati ulendowo ukutuluka n'kulowanso m'mayiko a Schengen, ikhale yolowera kangapo. Chakudya cha m'sitima munalipira kale, ndiye idyani kadzutsa wokwanira musanatsike. Pa doko lapafupi ngati Valletta mutha kubwerera kukadya nkhomaliro n'kutsikanso.