Msewu kuoneka pa setilaiti sindiye kuti ndi wodutsika

Chaka chino ndaonanso cholakwika chomwechi ndipo chanditopetsa. Chivomerezi chikangochitika anyamata a mapu akutsegula chithunzi cha setilaiti, akuona kamzere ka msewu kalipobe, basi akulemba kuti galimoto zitha kudutsa. Ayi abale. Pa zithunzi zaulere za setilaiti yotchedwa Sentinel-2, kadontho kamodzi ndi malo a mamita 10 uku ndi uku, ndiye mng'alu wa theka la mita muuona bwanji? Ngakhale zithunzi za kampani ya Maxar zomwe kadontho kamodzi kamafika masentimita 30, kamera ili kumwamba ikuyang'ana pansi, siiona kuti dothi lolowera pa mlatho latitimira n'kusiya sitepe yomwe lole singakwere. Pamwamba mlatho ukuoneka bwinobwino pomwe mizati yake yasweka kunsi.

Ndiye pali ena osayang'ana n'komwe deti, chithunzi cha chaka chatha akuchitenga ngati chadzulo chifukwa choti n'chowala. Khalidwe limeneli tisiye, tanena kambirimbiri.

Mlimi wina anandifotokozera kuti lole yodzatenga zokolola zake inatumizidwa njira yomwe pa mapu inalembedwa kuti ili bwino, inayenda maola angapo n'kukapeza phiri lagumukira mu msewu pa kona, potembenukira palibe, dalaivala anabwerera cha rivesi mpaka mdima ndipo zokolola zinaonongeka. Iye anataya ndalama basi, koma ikanakhala ambulansi?

Taonani za chivomerezi cha ku Noto ku Japan pa 1 Januwale 2024, msewu wa 249 wozungulira m'mbali mwa nyanja unaduka malo ambiri ndi zigumukire, midzi ya ku Wajima ndi Suzu inakhala yosafikika masiku angapo. Malo amodzi okha mukawaphonya njira yonse ndi bodza. Tsunami nayo, mafunde aakulu a nyanja obwera ndi chivomerezi, imapusitsa mwa mtundu wina, matope ndi zigumu za nyumba zimakwirira msewu n'kuoneka ngati wapita pomwe tala ali bwino kunsi, kumangofunika kukankha zinyalalazo, monga anachitira ku Tohoku ku Japan komweko mu 2011 potsegula njira zopita kugombe.

Chochita mukuchidziwa. Ikani chithunzi chakale ndi chatsopano pamodzi, onani deti. Kukakhala mitambo tengani zithunzi za radar za setilaiti ya Sentinel-1, yomwe imaona pansi ngakhale kuli mitambo. Milatho ndi m'mapiri lembani kuti sizinatsimikizike mpaka droni kapena munthu akafike, ndipo muwafunse madalaivala omwe abwera kumeneko lero.