Ngati mukuphunzira za bizinesi ku yunivesite, yambani kugulitsa kanthu musanavale gauni

Holide iliyonse ndimakumana ndi ang'ono anga amene ali ku UNZA, ku CBU kapena ku Mulungushi, ena pompano pa DMI St Eugene, atabwera kudzaona makolo kuno ku Chipata. Tikakhala pansi funso langa limakhala limodzi, kodi chiyambireni kosi yanu ya entrepreneurship mwagulitsapo chani ndi manja anu? Ambiri amandiyankha kuti akudikira amalize kaye, apeze kapito, ndiye ayambe. Ine zimandipweteka mtima chifukwa nanenso ndinaganiza choncho zaka ziwiri zoyamba ndipo ndi zaka zimene sindingazibweze.

Digiri ya bizinesi ndi zaka 4, ndipo chaka choyamba sadzakupatsani zimene mumayembekezera ayi. Mudzapeza masamu a bizinesi, akaunti, ekonomiksi, kalembedwe ka malipoti, ndipo ena amagwa ulesi pomwepo amvekere ine ndinabwera kudzaphunzira kuyambitsa kampani osati ma debit ndi ma credit. Chonde musatero. Akaunti ija ndiye msana wa zonse. Njira yoimvetsa msanga ndi kukhala ndi kabizinesi kanu kamene muzikayesera chilichonse chimene lekichara wanena m'kalasi, ngakhale kakhale kogulitsa mazira owiritsa ku hostelo kapena kuprinta ma assignment a anzanu.

Ndiye sabata yoyamba gulani kabuku ka hadikava, kamodzi basi, kosiyana ndi ka manotsi. Tsamba la kumanzere zolowa, la kumanja zotuluka, deti pamwamba. Ngwee iliyonse ilembedwe, ya basi, ya mapulasitiki, ya bandulo, ngakhale imene yadulidwa potumiza ndalama pa Airtel Money kapena MoMo, chifukwa timachajizi timeneti ndi timene timadya phindu mwakachetechete ndipo simungadziwe mpaka mutawerengetsa pakutha kwa mwezi. Mukadya nokha dzira limodzi lembani kuti mwagula. Zikumveka ngati nkhanza koma mukadzafika pa topiki ya drawings, zimene mwini amatapa mu bizinesi n'kugwiritsa ntchito yekha, mudzangomwetulira pamene anzanu akukanda mutu.

Tsono mugulitse chani? Apa ndi pamene ife a kum'mawa tili ndi mwayi umene sitiuona. Anzathu a mu Lusaka amadziwa nshawa zili kale m'paketi, ife timadziwa kumunda kwake, timadziwa mwezi umene mlimi amagulitsa motchipa chifukwa cha mavuto a fizi, timadziwa kusiyana kwa chalimbana ndi tinshawa tating'ono tofiira tija. Soya, mpendadzuwa, nyemba, uchi, mpunga wa ku Chama, zonsezi zimadutsa pa Great East Road tsiku ndi tsiku, makilomita opitirira 550 kukafika ku Lusaka, ndipo pakati pa mtengo wa pamudzi ndi wa mu tauni pali munthu amene akudyapo. Yambani ndi chinthu chimene kwanu mumachidziwa kuposa lekichara wanu. Ndipo mukasankha khalani pomwepo ngakhale semesita ziwiri, osati lero salaula, mawa ma perfume, mkuja nkhuku, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine chaka chachitatu, mwina mungapulumukepo. Ndinali nditasunga kandalama kuchokera ku chilimba chimene tinkaponya ndi anzanga asanu, ndiye pa holide ndinakwera njinga kupita kumudzi kwa amalume kukagula nshawa zoswa kale. Mtengo unali wabwino kwambiri moti ndinasangalala, ndinkangoyeza ma meda kuthira m'thumba, kuyeza kuthira, osaluma ngakhale njere imodzi. Amalume anandiyang'ana n'kunena kuti mphwanga, zimenezi zauma koma? Ine ndi sukulu yanga ndinati zili bwino. Ndinasoka matumba anayi n'kuwaika pa simenti m'chipinda cha amayi, khomo lotseka. Patatha masabata atatu nditamasula thumba loyamba fungo lake linandiuza zonse, pakati ponse panali nkhungu yobiriwira, njere zitagwirana ngati chigumu. Zimene zinatsalako nditaziyanika zinapepuka, sikelo inatsika. Amayi sanandikalipire, anangotenga lichero n'kukhala nane pa mkeka masiku awiri tikusankha imodzi imodzi. Zowolazo sitinapatse ngakhale nkhuku, chifukwa chuku cha nshawa chimakhala ndi poizoni uja amati aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo ndi chifukwa chake ogula akuluakulu amakana nshawa zosasamalika.

Nditabwerera ku sukulu tinayamba topiki ya kasungidwe ka katundu ndi ma risk, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva chilichonse ngati akunena za ine. Lero ndikagula nshawa ndimaluma kaye, youma imalira kuti thwa ndipo khungu lake limasupuka mukaifikisa ndi zala, matumba ndimaika pa mapaleti osati pansi, ndipo ndimagula pa sikelo yanga osati pa meda ya wogulitsa imene ina imakhala yophwanyidwa m'mbali.

Chinthu china chimene muyenera kuchigwira ndi manja awiri ndi break-even, pamene zogulitsa zangokwana kubweza zonse zimene mwawononga, ndipo musangoiloweza ngati fomula ya mayeso. Tiyerekeze mukupanga chiponde, ziwerengerozi ndangopeka kuti timvane. Botolo limodzi, kuphatikiza nshawa, chigayo, mchere, botolo lenilenilo ndi stika, likukudyerani K22 ndipo mukugulitsa K30. Ndiye kuti pa botolo mukutsala ndi K8. Ngati pamwezi mumalipira K400 ya malo ndi thiransipoti, gawani 400 ndi 8, mupeza 50. Mabotolo 50 oyambawo simunapange kalikonse, mwangobweza, phindu likuyambira pa botolo la 51. Munthu amene wagulitsa 40 n'kumaona ndalama m'thumba amaganiza kuti zikuyenda pamene akumira. Ndipo mbasela imene mumapatsa makasitomala nayonso iwerengeni, si yaulere.

Za nkongole ndinene mwachidule. Anzanu a ku hostelo adzakuuzani kuti ndikulipira meal allowance ikalowa. Ena adzapereka, ambiri mudzawathamangitsa mpaka chibwenzi chithe. Ikani malire, lembani dzina ndi deti, amene sanabweze koyamba asatengenso.

Koma pali ndalama ina imene musaikhudze zivute zitani, ya fizi. Kaya ndi imene atate anagulitsa ng'ombe, kaya ndi loni ya HELSB, bungwe la boma la maloni a ophunzira, imene mudzabweze mukayamba nchito, imeneyo si kapito. Ndinaonapo mnzanga ataika ya semesita yonse mu oda ya mafoni poganiza kuti aitembenuza kawiri mayeso asanafike, katundu anachedwa, ndipo sanaloledwe kulemba. Kaloba nayenso muthaweni, chiwongoladzanja chake palibe bizinesi ya mwana wa sukulu imene ingachikwanitse. Yambani ndi zochepa zimene zikatayika mudzalira usiku umodzi basi, kenako muziwonjezera kuchokera mu phindu lomwelo.

Pa holide musamangokhala pa Facebook. Pitani ku Kapata kapena ku Saturday Market m'mawa kwambiri katundu akamatsika, pezani mayi mmodzi amene wagulitsa zaka zambiri, mupatseni ulemu wake, muwapemphe kuti amayi ndikuthandizeniko kunyamula ndi kugulitsa sabata ino ndiphunzireko. Mudzaona mmene amaikira mtengo m'mawa ndi mmene amautsitsira dzuwa likapendeka tomato asanafewe, mmene amadziwira kasitomala wogula ndi wongofunsa, mmene amagawira ndalama ya oda ndi ya ndiwo za kunyumba pa mfundo ziwiri za chitenje. Zimene buku la marketing likutcha pricing strategy iwo amazichita osatsegula buku. Musapite ndi mtima wokawaphunzitsa. Yendaninso ku Down Shops muone mmene mashopu a holoselo amasungira stoko, mufike pa boda ya Mwami muone zimene zimawoloka kupita ku Mchinji ndi zimene zimabwera, mufunse za Simplified Trade Regime ya COMESA imene inapangidwira amalonda ang'onoang'ono odutsa malire. Ndipo yang'anirani nyengo, kumapeto kwa February kuli Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa August kuli Kulamba ku Mkaika ku Katete, anthu masauzande amafuna chakudya, madzi, zitenje, pogona ndi mayendedwe. Amene anakonzeka mwezi umodzi m'mbuyo ndi amene amapindula.

Mukafuna chitsanzo cha kuwonjezera mtengo pa mbewu simufunika kupita kutali, onani kampani ya COMACO pompano pa Chipata, amagula nshawa kwa alimi n'kupanga chiponde cha It's Wild! chimene chili m'mashopu akuluakulu dziko lonse. Nshawa zomwezi timazipondaponda pakhomo. Ngati lekichara wakupatsani assignment ya value chain, ulendo wa katundu kuchokera kumunda mpaka kwa wogula, lembani za zoterezi, zimene mungapite kukaziona ndi maso, m'malo mokopera za makampani a ku America pa intaneti.

Za mapepala a boma musaziope, ndipo ndi bwino kuziyesa mukadali pa sukulu pamene mukuphunzira business law. Dzina la bizinesi mumalembetsa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi, ndipo kumeneko mudzamvetsa kusiyana kwa business name ndi limited company, kuti pa yoyambayo nkongole za bizinesi ndi zanu inu mwini mpaka katundu wa m'nyumba. TPIN, nambala yanu ya msonkho, mumatenga ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo salipiritsa. Ku khonsolo kuli laisensi ya malonda, ndipo ngati ndi zakudya a zaumoyo amafuna aone malo amene mukupangira. Mukalembetsa kumbukirani ma annual return, malipoti opereka ku PACRA chaka ndi chaka, ambiri amaiwala. Mapepala amenewa ndi amene adzakufunseni mukadzapita ku CEEC, bungwe la boma lopereka maloni kwa amalonda, kapena mukadzafuna loni ya CDF, ndalama ya chitukuko cha m'madera imene mu 2022 inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse ndipo mbali ina ndi ya magulu a achinyamata ndi amayi kudzera ku Ward Development Committee. Koma ndikupempheni, musapange kopaletivu ya pa pepala chabe ndi anthu amene simunagwirepo nawo nchito n'cholinga chongotenga ndalama. Zimenezo zimatha ndi kulozana zala.

Business plan ya chaka chomaliza ilembeni kuchokera m'kabuku kanu ka hadikava kaja. Anzanu adzalemba kuti chaka choyamba tidzagulitsa mamiliyoni, inu mudzalemba kuti mwezi wa June ndinagulitsa mabotolo akuti, wa January anatsika chifukwa anthu ndalama zonse zinapita ku feteleza ndi mayunifomu. Muikemonso zimene mudzachite magetsi akamazima ngati mmene zinalili mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, pamene chigayo chinkayima tsiku lonse ndipo mbewu zinakwera mtengo. Pulani imene mulibe chaka choipa ndi yabodza, ndipo amene amawerenga mapulani ambiri amaizindikira pa tsamba lachiwiri.

Makalasi musajombe chifukwa cha oda. CA, mamaki a ma test ndi ma assignment a mkati mwa kosi, ikawonongeka mayeso omaliza sangakunyamuleni, ndipo kubwereza kosi ndi ndalama zoposa phindu la semesita yonse. Ine ndinkagulitsa madzulo ndi Loweruka basi, sabata ziwiri mayeso asanayambe ndinkatseka, makasitomala ndinkawauziratu pa WhatsApp. Pa attachment, nthawi yokaphunzira nchito ku kampani, sankhani malo amene adzakulolani kugwira ma invoice ndi kuwerenga stoko ngakhale ndi kakampani kakang'ono ka agro-dealer, kusiyana ndi ofesi yaikulu imene muzikangopanga fotokope.

Ndipo kunyumba akayamba kunena kuti takutumiza ku yunivesite kuti uzigulitsa nshawa ngati ife, musakwiye, akunena chifukwa anavutika kuti mufike pamenepo. Atengereni kabuku kaja muwaonetse tsamba ndi tsamba. Amayi anga nditawaonetsa anakhala chete nthawi yaitali akutsata manambala ndi chala, kenako anandiuza kuti mtengo wa matumba ndaulemba wokwera, iwo akudziwa pogula motchipa kuseri kwa msika, tipite limodzi Lachisanu.