Kanema wanu woyamba: foni ili m'thumbayo ndi yokwanira

Achinyamata a ku Ulongwe, Domwe ndi Furancungo amakonda kufunsa kuti kamera yabwino angaigule kuti. Ine ndimati yambani ndi foni muli nayoyo.

Choyamba, sankhani nkhani imodzi yomwe mumaidziwa bwino, monga momwe amayi anu amasungira mbewu ya mbatatesi. Mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana. Lembani papepala zoti munene, kuti musachite chibwibwi kamera ikayamba kujambula.

Kenako pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu yofewa. Ngati kanemayo ndi wa TikTok, foni iimirire. Wa YouTube, igone chopingasa. Manja amanjenjemera, ndiye itsamiritseni pa njerwa kapena imangirireni kumtengo ndi mphira. Dzuwa liwale kumaso kwa wojambulidwayo, lisakhale kumsana kwake. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, makamaka mumzinda wa Tete, kumene foni imatentha masana mpaka kusiya kujambula.

Tsono nkhani yagona pa mawu. Chithunzi chosawala bwino anthu amachipirira, koma mawu akapanda kumveka amangodutsa. Mphepo ya mu Juni ndi Julaye kuno ku Angónia imalira mu foni ngati chigayo, ngakhale inu simukuimva kwenikweni. Bisalani kuseri kwa khoma. Talikirani msewu wa njinga zamoto ndi wailesi ya aneba. Wolankhula akhale pafupi, mapazi awiri kapena atatu basi, ndipo ngati muli ndi mahedifoni a chingwe, kamaikolofoni kake kamathandiza kwambiri. Jambulani masekondi khumi, mvetserani, kenako muyambe zenizeni. Ambiri amadumpha apa, n'kukazindikira ali kunyumba kuti ntchito yonse yapita pachabe.

Musajambule munthu musanapemphe, ngakhale pamsika. Gule Wamkulu, amene bungwe la dziko lonse loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, amakopa maso, koma yambani mwapita kwa amfumu. Za kudambwe sizijambulidwa.

Mukatha, tsegulani CapCut, pulogalamu ya pafoni yokonzera makanema, dulani pomwe munakhosomola kapena kukhala chete. Nyimbo za eni ake zipeweni, chifukwa Facebook itha kuzimitsa mawu a kanema wanu. Ikaninso mawu olembedwa a Chipwitikizi m'munsi kuti a ku Beira ndi Maputo atsatire nawo. Posunga kanemayo, sankhani 720p, womwe ndi mulingo wocheperako wa kuoneka bwino kwa chithunzi, kuti mamega a Movitel kapena Vodacom asathere panjira, ndipo musanatumize muonetseni kaye mnzanu mmodzi amene sakunyengererani.