Kukhazikitsa thumba la chikhalire losamalira nkhalango ndi malo otetezedwa

Ntchito yosamalira nkhalango ilibe tsiku lomaliza. Njira zotchingira moto zimalambulidwa chaka ndi chaka udzu usanaumiretu, alonda amafuna malipiro mwezi ndi mwezi, koma thandizo la mabungwe akunja limakhala la zaka zitatu kapena zisanu basi. Thumba la chikhalire limatseka mpata umenewu: mpamba umaikidwa pamsika wa ndalama osaukhudza, ntchito n'kumayendera phindu lokha. Ndi mmene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust linayambira, ndi mpamba wa madola oposa 5 miliyoni wochokera ku Global Environment Facility, thumba la maiko ambiri lothandiza ntchito zachilengedwe, kudzera ku World Bank.

Musanapemphe ndalama, werengetserani zomwe malowo amadya pachaka: malipiro ndi nsapato za alonda, mafuta a galimoto, nazale za mbande za mkungudza, aganyu ozula mitengo ya paini yomwe imalowerera nkhalango yachilengedwe. Chiwerengerocho muchichulukitse ka 25, poti thumba losamalidwa bwino limatulutsa pafupifupi 4 peresenti ya mpamba pachaka popanda kufota. Ngati ntchito ikufuna madola 200,000 pachaka, mpamba ukhale madola 5 miliyoni. Ukachepa kwambiri, phindu lonse limathera pa lendi ya ofesi ndi maalawansi a misonkhano, kuphiri osafikako kanthu.

Kenaka lembetsani bungwe pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act. M'chikalata chokhazikitsira bungwelo mulembe mosapita m'mbali kuti mpamba sugwiritsidwa ntchito, ndiponso kuti ndalama zoyendetsera ofesi zisapyole gawo limodzi mwa magawo asanu a bajeti. Mu bodi mukhale a Dipatimenti ya Zankhalango, mafumu, odziwa zachilengedwe ndi munthu wodziwadi za masheya, koma a boma asachuluke kuposa enawo. Opereka mpamba amakayika akaona kuti thumba litha kusanduka nthambi ya unduna.

Pomwe pamafunika mutu wozizira kwambiri ndi posankha kosunga mpambawo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Thumba lomwe linali m'makwacha okhaokha linadzuka litaonda, pomwe mitengo ya mafuta ndi matayala inakwera. N'chifukwa chake gawo lalikulu la mpamba liyenera kukhala m'madola, m'masheya ndi mabondi (zikalata zobwereketsera ndalama ku maboma kapena makampani pa chiwongoladzanja) a maiko osiyanasiyana, mutatenga chilolezo ku Reserve Bank of Malawi. M'makwacha musunge za bajeti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Kampani yoyendetsa mpamba isankhidwe pa mpikisano, ndipo muifunse kuti izidula zingati pachaka ngati malipiro ake, poti 1 peresenti yokha ndi kota ya ndalama zomwe zikanapita kunkhalango.

Misika nayo imagwa, monga zinachitikira mu 2008. Choncho 4 peresenti ija musaiwerengere pa mtengo wa thumba wa chaka chino chokha, koma pa avereji ya zaka zitatu zapitazo, kuti bajeti isamalumphelumphe. Chaka chimene phindu lafika 9 peresenti, zotsalazo zibwerere ku mpamba kuti uzikula molingana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Chaka choipa, bodi imayesedwa kutapako pang'ono kuti "tidzabweza". Kumeneko n'kudya mbewu, ndipo kawirikawiri sizibwezedwa.

Anthu ozungulira nkhalango akhale ndi gawo lawo lolembedwa. Ku Uganda, thumba la mapaki a Bwindi ndi Mgahinga, lomwe linayamba mu 1994, linaika 60 peresenti ya zotuluka ku ntchito za m'midzi, 20 ku kafukufuku, 20 ku kayendetsedwe ka mapaki. Kwathu kuno gawo lotere lingapite ku ming'oma ya njuchi ndi minda ya mitengo ya nkhuni, kudzera m'makomiti a zachilengedwe a m'midzi, kuti wootcha makala apeze pena podalira. Mabuku awunikidwe ndi maodita akunja kwa bungwe chaka chilichonse, ndipo lipotilo likawerengedwenso m'Chichewa pabwalo la amfumu.