Kwa amene mwayambiranso kupenta tizidole mutapuma pantchito

Anzanga amene mwabwerera ku tizidole ta Warhammer (masewera ankhondo apatebulo) ndi tina totero, chonde musathamangire kugula tibulashi tating'onoting'ono ta saizi 000 poganiza kuti poti maso afooka ndiye kabulashi kachepe. Ayi ndithu, bulashi ya saizi 1 kapena 2 yosongoka bwino imasunga penti nthawi yaitali, pomwe ka 000 kaja penti amaumira pomwepo musanafike n'komwe pankhope ya kachidoleko. Ndalamayo bola mugulire nyali yoyera ya LED ndi magalasi okulitsa zinthu, kusiyana kwake mukuona tsiku lomwelo.

Penti wa acrylic, kaya wa mtundu wa Citadel kaya wa Vallejo, muzimuthira timadzi mpaka apyapyale ngati mkaka ndiye muzipaka kawiri, chifukwa wokhuthala amakwirira timizere tonse ta pachishango ndi ndevu zomwe. Tengani kakontena, yalani tishu yonyowa, pamwamba pepala lophikira keke, penti wanu aziikidwa pamenepo sauma msanga.

Manja akamanjenjemera matani kachidoleko pachitsekerero cha botolo ndi Blu Tack (chomatira chofewa ngati phula), zigongono patebulo, zikhatho zigundane. Tachitsulo takalekale tija tina tili ndi mtovu, mukatipala sambani m'manja ndipo musapatse adzukulu kuti aziseweretsa.