Mmene mungaonetsere mwana ma electron ndi TV yakale ndi maginito

Ngati pakhomo pakadali TV yakale ija yotupa kumbuyo ndipo imayakabe, chonde musaitaye kaye. Mkati mwakemo muli cathode ray tube yeniyeni, chubu chagalasi chopanda mpweya chomwe chimapanga chithunzi, ndipo mwana wa sekondale atha kuona ndi maso zinthu zomwe amangoloweza m'kope. Pezani kamaginito ka mu sipika yakufa ndi tochi, basi.

Koma kumbuyo musatsegule ayi, olo mutazula pulagi. TV ya kala imagwira ntchito ndi ma volt pafupifupi 25,000 ndipo chubu chija chimasunga moto nthawi yaitali chitazimitsidwa. Zonse tipangira kunja.

Dikirani kude, zimitsani babu, yatsani TV. Muona kuti mawu amayamba kumveka koma chithunzi chimachedwa, chimabwera pang'onopang'ono pakapita masekondi angapo. Suzumirani pa timabowo ta mpweya kumbuyoko, pa ma TV ambiri pakhosi pa chubu pamaoneka kakuwala ngati khala la moto. Kameneko ndi kawaya kotenthetsa cathode, kachitsulo komwe kamatulutsa ma electron, ndipo cathode ikatentha cha m'ma 800°C ma electron amapeza mphamvu zothawa pachitsulopo n'kulowa m'malo opanda mpweya aja, kenako voteji yaikulu ija imawakoka n'kukawamenyetsa pa sikirini mpaka kuwala. Kutuluka chifukwa cha kutenthaku ndiye thermionic emission, ndipo kuchedwa kwa chithunzi kuja ndi cathode ikudikira kutentha. Thomas Edison anaziona izi mu babu lake cha m'ma 1880 osadziwa kuti chikuyendacho n'chiyani, John Ambrose Fleming ndiye anadzapangira valve, kachubu kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, mu 1904.

Tsopano maginito. Yambirani patali, mkono wonse, muziyandikira pakona pa sikirini pang'onopang'ono osagunditsa galasi. Chithunzi chiyamba kupindika, nkhope ya munthu kukhota, mitundu kusokonekera. Tembenuzani maginito mbali inayo, chipindikira kwina. Kenako yatsani tochi pakhoma muyandikize maginito omwewo pa kuwala kwake, palibe chomwe chisunthe. Apa ndi pamene pagona nkhani ndipo mwana musamuuze yankho, mufunseni kuti nanga bwanji kuwala kwa tochi sikukhota pomwe za mu TV zikukhota?

Funso lomweli linavutitsa akatswiri zaka zambiri. Julius Plücker anaona maginito akusuntha kuwala kwa m'chubu mu 1858, Eugen Goldstein n'kudzapereka dzina loti cathode rays ku cheza cha m'chubucho mu 1876, koma ambiri ku Germany ankati ndi mafunde ngati kuwala pomwe aku Britain monga William Crookes ankati ndi tizidutswa. Heinrich Hertz anayesa kuwakhotetsa ndi timbale tiwiri ta magetsi koma sizinatheke, vuto linali mpweya wotsalira m'chubu mwake. Mu 1897 J.J. Thomson ku Cavendish Laboratory ku Cambridge anapopa mpweyawo bwinobwino, cheza chija chinakhotera ku mbale ya positive, kusonyeza kuti ndi tizidutswa ta negative, osati mafunde ngati kuwala. Kenako analinganiza magetsi ndi maginito kuti zikokerane mofanana mpaka kadontho kowala pagalasi kabwerere pakati, n'kupeza liwiro, n'kuwerengera charge (kuchuluka kwa magetsi ake) pogawa ndi mass (kulemera kwake). Chomwe chimandisangalatsa ine n'choti anasintha chitsulo cha cathode, anasintha gasi, yankho osasintha, ndiye kuti kanthu kameneka, komwe timati electron, kali mu atomu iliyonse. Lero tikudziwa kuti electron ndi yopepuka ka 1,836 kuyerekeza ndi proton, kachidutswa ka positive ka mu atomu. Thomson analandira Nobel mu 1906.

Mukamaliza mwina patsala banga lobiriwira kapena lofiirira pakona, musade nkhawa, ndi kasefa kachitsulo kuseri kwa galasi kagwira maginito. Zimitsani TV pa khoma kwa mphindi ngati 30 muyatsenso, ka "vuu" kamamveka poyatsa kaja ndi koyilo yomwe imachotsa zimenezi, nthawi zina mpaka kubwereza kawiri katatu. Maginito aakulu atha kusiya banga losachoka, ndiye gwiritsani kakang'ono, ndipo mukapeza TV ya black and white ndiye bwino kwambiri chifukwa ilibe kasefa kameneka.